Kalembera wa Pakhonde

Pakati pa maubale onse amene Achewa amawasunga, palibe wina wopatsa ufulu wa pakamwa woposa wa gogo ndi mdzukulu wake. Pakuti mawu amene mwana sangayerekeze kuwanena pamaso pa atate ake, mdzukulu amawaponya kwa agogo ake akuseka, ndipo nkhalambayo, m'malo mopsa mtima, imangobweza ena owawa koposa. Zokambirana zili m'munsimu zinayenda mwa ufulu womwewo, pakhonde la nyumba ina kumapiri a Dedza, pakati pa mkulu wina, mphunzitsi wopuma amenenso anasunga mabuku a mpingo zaka zambiri, ndi mdzukulu wake wamkazi wophunzira za ziwerengero ku Zomba, amene anabwera kutchuthi atanyamula kompyuta ya m'chikwama pamodzi ndi ntchito ya kusukulu. Mkuluyo, monga mwa mwambo wa makolo, amamutcha mtsikanayo mkazi wake.

AGOGO: Mkazi wanga, chiyambire dzuwa lili paliwombo kufikira tsopano pamene nkhuku zayamba kulondola njira ya kukhola, iwe sunadzuke pamphasapo, thobwa limene anakupatsa mkazi mnzako wamkulu langogona m'chikho, ntchentche zikuchitirapo msonkhano, ndipo mbale yowalayo ukuiyang'ana ndi nkhope ya munthu wolandira uthenga wa maliro. Tandiuza, wamwalira ndani m'menemo?

MDZUKULU: Palibe wamwalira, Agogo. Vuto n'lakuti abadwa ambiri. Makinawa akundiuza kuti m'Malawi muno tilimo anthu 52,693,265.

AGOGO: Ha! N'chifukwa chake sopo wakwera mtengo, ndipo kuchigayo mzere sukutha! Koma taima. Ine amene ukundiona pano ndinayenda ndi miyendo yangayi m'chaka cha 1977, mapepala a boma ali kukhwapa, pensulo ili kukhutu, kulowa khomo ndi khomo, kuthamangitsidwa ndi agalu, kufunsa amayi zaka zawo iwo n'kumandiyankha kuti anabadwa chaka cha dzombe, kapena kuti pa njala ya 1949 n'kuti atatha kale msinkhu. Ndipo titasonkhanitsa mapepala athu tonse a m'dziko lino, akuluakulu analengeza kuti tilipo mamiliyoni asanu ndi theka. Tsono ngakhale ife Amalawi timamvera lamulo lija loyamba la kubalana ndi kuchuluka kuposa malamulo ena onse a m'Buku, sindikhulupirira kuti m'zaka makumi anayi tingachuluke pafupifupi kakhumi, ine osaitanidwa ngakhale ku theka la maukwati ake.

MDZUKULU: Inenso ndikudziwa kuti n'zonama. Kalembera wa mu Sepitembala 2018 anapeza anthu 17,563,749, ndipo nambalayi yalembedwa poyera m'buku limene ofesi ya National Statistical Office ku Zomba inatulutsa. Aphunzitsi athu anatipatsa ntchito yoyerekeza kuchuluka kwa anthu boma ndi boma, m'maboma onse 28. Bukulo lili m'fayilo ya mtundu wa PDF, ndipo masamba ake ndi ambirimbiri. Tsono ine, poona kuti kukopera manambala pamanja kundidyera tchuthi chonse, ndinalamula pulogalamu ya Excel kuti imeze buku lathunthu nthawi imodzi. Inamezadi, madzi a tiyi asanawire n'komwe. Koma nditasankha tebulo la maboma n'kuiuza kuti iwonkhetse mzere wa anthu, ndi pamene yabereka chilombo mwamvachi.

AGOGO: Walira mvula walira matope, mkazi wanga. Unapempha buku lathunthu, ndipo walandira buku lathunthu, ukudandaulanji? Komabe, popeza sikoyenera kuweruza mlendo tisanamve kumene achokera, tandifotokozera za PDF ameneyu. Kwawo n'kuti, atate ake ndani, ndipo anadzatani m'dziko muno?

MDZUKULU: Kwawo ndi ku California, m'dziko la America. Atate ake ndi kampani ya Adobe, imene John Warnock ndi Charles Geschke anaikhazikitsa mu 1982. Masiku amenewo, kalata yolembedwa pa kompyuta imodzi ikafika pa kompyuta ina imasanduka chinthu china: zilembo kusintha maonekedwe, mizere kudukira pakati, chithunzi kuthawira kutsamba lina. Ndiye mu 1991 Warnock analemba maganizo ake a ntchito imene anaitcha Camelot, kuti pakhale chikalata chooneka chimodzimodzi pa makina alionse, ngakhalenso pochisindikiza papepala. Ndipo mu 1993 PDF anabadwa. Pofika 2008 bungwe la ISO, loona za miyezo pa dziko lonse, linamulandira kuti akhale wa aliyense. Lero fomu ya ntchito, lipoti la boma, ngakhale ndondomeko ya ukwati, zonse zimayenda mwa iyeyo.

AGOGO: Ndiye kuti ndi mthenga wokhulupirika, wosawonjezera ndi wosachotsera pa zimene wapatsidwa, wa mtundu umene mafumu akale ankaufunafuna osaupeza. Mlandu wake uli pati?

MDZUKULU: Mlandu wake uli m'kukhulupirika komweko. Iye amasunga maonekedwe a tsamba, za tanthauzo alibe nazo ntchito. Inu ndi ine tikayang'ana tsambali tikuona tebulo: maina a maboma kumanzere, manambala kumanja, mizere yotsika ndi yopingasa. Koma mutatsegula m'mimba mwa fayiloyi, kawirikawiri simupezamo tebulo lililonse. Mupezamo malamulo okhaokha: ika zilembo izi pa mtunda wakutiwakuti kuchokera m'mphepete mwa kumanzere, ndi mtunda wakutiwakuti kuchokera pansi, jambula kamzere kuyambira apa kufika apo. Mitundayo amaiyeza ndi timiyezo tating'ono, 72 pa inchi imodzi, kotero kuti pepala wamba la A4 lili ndi timiyezo 595 m'lifupi ndi 842 m'litali. Dzina loti Dedza laikidwa pamalo pake, nambala ya anthu a ku Dedza yaikidwa pamalo pake, koma palibe pamene palembedwa kuti awiriwa ndi pachibale, kupatula m'mafayilo ena okonzedwa mwapadera, monga othandiza anthu osaona. Tsono pulogalamu yomeza imangolota: ikaona mawu ataima pa msinkhu umodzi imati ndi mzere umodzi, ikaona mpata waukulu imati apa pali malire.

Apa mkuluyo anatsamira mpando wake wandalema, naseka kufikira kutsokomola. Ndipo tiyenera kunena kuti aphunzitsi opuma ali ndi nthenda imodzi yosachizika, ndiyo yakuti palibe chinthu chatsopano pansi pano chimene sichiwakumbutsa mwana wina wa m'kalasi mwawo.

AGOGO: Ndamuzindikira! Ameneyu ndinamuphunzitsa ine mu Sitandade 3. Anali mnyamata waulemu, wa dzanja lokongola kuposa langa, wosajomba ngakhale pa mvula. Ndipo tsiku lina, nditalemba masamu pabolodi n'kuwauza ana kuti akopere zonse zili pamenepo, iye anakopera masamuwo, nakopera tsiku la mwezi, nakopera maina a ochita phokoso amene anali pakona, nakoperanso mng'alu wa bolodi umene unadutsa pakati pa samu yachitatu, mwaluso ndithu, ndi nthambi zake zonse. Nditamufunsa kuti mzere wokhotakhotawo unali wa chiyani, anandiyankha modzichepetsa kuti, popeza ndinati zonse, iye sanafune kusankha. Sindinathe kumukwapula, pakuti sanalakwire lamulo. Sindinathenso kumukhozetsa, pakuti sanamve kanthu. Tsono ukundiuza kuti mnyamata uja anapita ku America, nakalemera.

MDZUKULU: Sekani, Agogo, koma tsobola wakale sawawa. Zimene inu munkachita miyezi ndi pensulo yakukhutu ija, makinawa amachita inu musanamalize kuyasamula. Tsamba limodzi lokha la Excel lili ndi mizere 1,048,576.

AGOGO: Ndipo dzina langa lili pa mzere uti?

MDZUKULU: Mulibe dzina la munthu m'bukuli, zimene munthu anauza owerenga ndi zachinsinsi, zimatuluka ndi ziwerengero zokha. Ndiponso mutati munthu aliyense akhale ndi mzere wake, tsamba limodzi silingatikwane. Anthu a mumzinda wa Lilongwe okha, amene anapezeka 989,318, ndiwo angalidzaze pafupifupi lonse.

AGOGO: Ndinadziwa. A ku Lilongwe alowe akhale pansi, ife a kumudzi titsale panja, monga mwa masiku onse. Chabwino, tsobola wakale sawawa. Koma tandipatsira pensulo ili pawindopo ndi chivundikiro cha katoni ya sopo icho, tione ngati watheratu ukali.

Mkuluyo anali wa mbadwo umene unaphunzira kuwonkhetsa ndalama kwacha isanabwere mu 1971, pamene makobiri 12 ankapanga sheleni imodzi ndi masheleni 20 ankapanga paundi. Ndipo munthu amene ubwana wake unathera m'kunyamula makobiri kuwapititsa ku masheleni, ndi masheleni ku mapaundi, mphunzitsi ataima kumbuyo ndi kamtengo ka pichesi, saopa nambala ngakhale italika bwanji. Analemba nambala yabodza ija pamwamba, yoona pansi pake, nang'ung'udza kanthawi, akunyowetsa nsonga ya pensulo ndi lilime.

AGOGO: Mkazi wanga, bodza limene makina ako anena si bodza lamisala ayi, ndi bodza la dongosolo, la munthu woleredwa bwino. Taona: 17,563,749 ndikaichulukitsa katatu ikundipatsa 52,691,247, ndipo imeneyi yangotsala pang'ono kufanana ndi chilombo chako. Munthu aliyense m'dziko muno wawerengedwa katatu. Tsono leka kuyang'ana pansi pa mzere pamene pali yankho; kwera pamwamba, undiwerengere maina a kumanzere limodzi limodzi, mosathamanga, monga muja tiwerengera maina a obatizidwa.

MDZUKULU: Woyamba ndi Malawi. Kenaka chigawo cha kumpoto. Kenaka Chitipa, Karonga, Nkhata Bay, Rumphi, Mzimba, Likoma, mzinda wa Mzuzu. Kenaka chigawo cha pakati, Kasungu, Nkhotakota, Ntchisi, Dowa... Mayo ine!

AGOGO: Usalire, malizitsa. Kapena ndikumalizire ine? Mayi wa ku Chitipa wawerengedwa koyamba pakhomo pake ku Chitipa. Wawerengedwa kachiwiri pamene a kumpoto onse anawonkhetsedwa pamodzi. Wawerengedwanso kachitatu pamene dziko lonse linaikidwa pa mzere umodzi pamwamba. Wosindikiza bukulo sanalakwe, pakuti iye analembera anthu a maso, amene akaona dzina la chigawo lili m'zilembo zonenepa amadziwa okha kuti imeneyi ndi nkhokwe, ndipo zili pansizo ndi madengu amene anaidzaza. Koma mnyamata wanga wa Sitandade 3 uja sadziwa kunenepa kwa chilembo. Kwa iye Malawi ndi boma, kumpoto ndi boma, Chitipa ndi boma, ndipo onse wawathira m'thumba limodzi. Mlembi aliyense wa mpingo amadziwa kuti powonkhetsa zopereka za chaka sawerengeranso chiwonkhetso cha pansi pa tsamba. Amene anaiwala zimenezi anaitanidwa kubwalo la akulu a mpingo kukafotokoza kumene kunapita ndalama zimene sizinakhalepo n'kale lonse.

MDZUKULU: Ndagonja, Agogo. Ndichotsa mizere inayiyo, wa dziko ndi itatu ya zigawo, basi ntchito yatha.

AGOGO: Yatha kwa ndani? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndati yatsala pang'ono kufanana, sindinati yafanana. Ndikachotsa 52,691,247 pa 52,693,265 pakutsala anthu 2,018, ndipo anthu amenewa, amene sali a kumpoto, kapena a pakati, kapena a kumwera, ndikufuna kudziwa mfumu yawo, chifukwa mudzi wa anthu 2,018 si waung'ono. Uyenera kukhala ndi gulupu, chigayo, sukulu ndi mjigo, ndiponso phungu ayenera kuti anawalonjeza kale mlatho.

MDZUKULU: Mwati angati?

AGOGO: 2,018.

MDZUKULU: Agogo, amenewo si anthu. Ndi chaka. Pamutu pa mzerewo palembedwa 2018, kusonyeza chaka cha kalembera. Ndipo mutuwo sunakhale pamalo pa mutu, unatsikira m'gulu la manambala, makinawo n'kuuwonkhetsa pamodzi ndi anthu.

AGOGO: Tsiku la mwezi la pabolodi lija! Ndinakuuza kuti ndi mnyamata yemweyo. Mwayi wako ndi wakuti tebulolo silinatalike kwambiri. Likanadutsa masamba asanu, mutu wake n'kumabwerezedwa pa tsamba lililonse, bwenzi mudzi wosaonekawo utakula kufika pa mfumu yaikulu, ndipo boma likanayenera kuutumizira makuponi a feteleza.

Mtsikanayo anaseka mpaka misozi, kenaka, monga achitira ophunzira akagwidwa, anayamba kuulula milandu ina ya makinawo imene poyamba anaibisa chifukwa cha ulemu wa sukulu.

MDZUKULU: Kunena zoona, zimenezi ndi zochepa chabe. Ukameza buku lathunthu, Excel imakuonetsa mndandanda wautali wa zimene yapeza, matebulo paokha ndi masamba paokha, ndipo ukasankha zonse umalandira chinthu chimodzi kawiri. Manambala a masamba amalowa nawo. Timawu tofotokozera ta pansi pa tebulo timalowa nato. Mutu umodzi wophimba mizere iwiri, wa amuna ndi wa akazi, umagwera mbali imodzi, inayo n'kutsala yopanda dzina. Nthawi zina mpatuliro wolekanitsa masauzande umachititsa kuti nambala iwerengedwe ngati mawu, ndipo powonkhetsa imadumphidwa mwakachetechete. Ndiye kumeneko anthu sachuluka, amasowa, ndipo kusowa n'koopsa kuposa kuchuluka chifukwa sikudabwitsa munthu. Mnzanga wina pulogalamu yake inadula Nkhata Bay pakati, Nkhata kumanzere, Bay kumanja, manambala onse a mzerewo n'kusunthira malo amodzi, kotero kuti chiwerengero cha amuna chinakakhala pansi pa mutu wa akazi.

AGOGO: Atonga akamva zimenezo udzakayankha wekha, ine ndilibemo. Nanga aphunzitsi ako a ku Zomba, amene amadya ndalama za mbuzi zanga, sanakupatse mankhwala a nthendayi?

MDZUKULU: Anatipatsa, koma ndi owawa, n'chifukwa chake ndinawazemba. Pali pulogalamu ina yotchedwa Tabula, yaulere, imene inapangidwa pothandiza atolankhani ofufuza malipoti a maboma. M'menemo munthu amatsegula tsamba, n'kuzunguliza ndi dzanja lake tebulo lokhalo limene akulifuna, kusiya mitu ndi manambala a masamba kunja kwa mpanda. Ngati tebulolo lili ndi mizere yojambulidwa, imatsata mizereyo. Ngati lilibe, imatsata mipata ya pakati pa mawu. Palinso R, chida cha akatswiri a ziwerengero chimene Ross Ihaka ndi Robert Gentleman anachiyambitsa ku yunivesite ya Auckland, ku New Zealand. Mu R muli kachida kotchedwa pdftools, kamene kamatha kukupatsa mawu onse a buku, tsamba lililonse palokha, kapena kukupatsa liwu lililonse pamodzi ndi malo ake enieni pa tsambalo. Ndiye iwe umalemba malamulo ako: taya zonse zili pamwamba pa msinkhu wakuti, taya mzere uliwonse woyamba ndi dzina la chigawo, chotsa mipatuliro m'manambala. Ukalemba bwino, malamulo omwewo amagwira ntchito pa masamba onse ofanana, ndipo mnzako akhoza kuwabwereza n'kupeza zomwe wapeza iwe.

AGOGO: Ndiye kuti, ngati ndamva bwino, njira yochenjera yomezera buku lathunthu ndiyo kuyamba waliwerenga wekha, tsamba ndi tsamba, kuti udziwe chimene uuze makina kuti asameze. Azungu ndi anthu odabwitsa: amakugulitsa njinga, kenaka n'kukulangiza kuti uyambe wayenda pansi njira yonse kuchotsa minga. Komabe sindikunyoza, pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo ndikuona kuti malamulo akewo, ukawalemba kamodzi, satopa ndiponso sapempha tiyi. Chimodzi chokha ndikulamula monga mwamuna wako: mizere inayi ija usaitaye kudzala. Uyiike pambali, ndipo ukatha kuwonkhetsa maboma a kumpoto uyerekeze ndi nambala ya kumpoto, a pakati chimodzimodzi, a kumwera chimodzimodzi, kenaka zitatuzo ndi ya dziko. Pakuti amene anakusokoneza aja ndi omwewo adzakhale mboni zako, ndipo pakasiyana ngakhale munthu mmodzi, usagone.

MDZUKULU: Zimenezo aphunzitsi ananenanso, mawu ake omwewo.

AGOGO: Ndiye kuti mbuzi zanga zinapita ku Zomba kukagula zimene zinali pakhonde pano. Tsono tandiuza za kalembera wanga wa 1977. Makina akowo akhoza kumumezanso, kuti thukuta langa lioneke pa mbale yowalayo?

MDZUKULU: Pamenepo ndiye pali phiri. Mabuku akale otere, olembedwa makompyuta asanafale, akapezeka pa intaneti kawirikawiri amakhala kuti munthu anangojambula masamba ake limodzi limodzi. Kunja fayilo yake ndi PDF ndithu, koma m'kati mulibe chilembo ngakhale chimodzi, muli zithunzi zokhazokha. Ndipo Tabula ikafika pamenepo imangokhala duu, chifukwa kwa iyo tsamba lodzaza manambala silisiyana ndi chithunzi cha ng'ombe. Pamafunika pulogalamu ina yozindikira zilembo pa chithunzi, monga Tesseract, imene inayambira ku kampani ya Hewlett-Packard m'zaka za m'ma 1980, n'kudzaperekedwa kwa anthu onse mu 2005. Imayesetsa, koma pepala likakhala lakale, inki itafufuma, imasokoneza 1 ndi chilembo l, 0 ndi chilembo O, 5 ndi S, ndipo 8 wofufutika pang'ono imamuyesa 3. Ngakhale kadenga kaja kamene kale tinkaika pamwamba pa w polemba dzina la dziko lathu, kawirikawiri imakagwetsa, kapena kukasandutsa chinthu chosadziwika.

AGOGO: Ndiye kuti agalu anandithamangitsira chabe, popeza anthu asanu ndi atatu amene ndinawapeza pakhomo akhoza kusanduka atatu chifukwa cha chinyezi cha m'kabati. Koma usataye mtima, mkazi wanga, pakuti ntchito yowerenga anthu sinakhalepo yamtendere chiyambire. Mfumu Davide anatuma Yoabu kukawerenga Aisraeli, ndipo Yoabu, amene sanaifune ntchitoyo n'pang'ono pomwe, anayendayenda miyezi isanu ndi inayi ndi masiku makumi awiri. Koma ukatsegula buku lachiwiri la Samueli upeza amuna a nkhondo a Israeli 800,000 ndi a Yuda 500,000, pamene buku loyamba la Mbiri likupatsa a Israeli 1,100,000 ndi a Yuda 470,000. Abusa akhala akutuluka thukuta ndi manambala amenewa zaka mazanamazana, popanda Excel woti amunamizire. Ndipo kumbukira kuti Davide, atawerenga anthu kamodzi kokha, dziko linagwa m'mliri. Iwe wawawerenga katatu tsiku limodzi, ndiye usiku uno upemphere kwambiri.

MDZUKULU: Inu Agogo, Yoabu anayenda ndi chikumbumtima chokha, inu munayenda ndi mapepala, koma a 2018 anayenda ndi matabuleti. Unali kalembera woyamba m'dziko muno wolembera mayankho pa makina pomwepo pakhomo, osati papepala.

Mkuluyo atamva izi anaika pensulo pansi, navula magalasi ake, namuyang'ana mdzukulu wakeyo nthawi yaitali.

AGOGO: Bwereza. Ukuti manambalawa analowa m'makina pakhomo pomwe pa mayi wa ku Chitipa uja. Nayenda m'makina kufika ku Zomba. Nawonkhetsedwa m'makina, m'mizere yake yolongosoka, boma lililonse ndi nambala yake. Kenaka anawatulutsa, nawayala pa masamba okongola kuti nduna, atolankhani ndi nkhalamba zonga ine tiwerenge ndi maso. Ndipo iwe, mwana wophunzira, wakhala tsiku lathunthu, thobwa likusasa, kuwakanganula pa masambapo kuti uwabwezere m'makina mmene anachokera? Safunsa anadya phula! Kodi ofesiyo ilibe khomo? Iwe ukhala ku Zomba komweko. Sungavale bwino, n'kukagogoda, n'kupereka moni, n'kupempha mwaulemu kuti akupatse matebulowo monga analili asanavekedwe zovala za ku tchalitchi?

MDZUKULU: Zimatheka. Maofesi ambiri a ziwerengero amaika matebulo ena pa intaneti m'mafayilo a Excel kapena a CSV, amene pulogalamu imawawerenga popanda kulota, ndipo ophunzira amaloledwa kulemba kalata yopempha. Kungoti PDF ndi imene inali pafupi, ndipo ndinkafuna kumaliza lero.

AGOGO: Kalatayo ndilemba ine, pakuti inu a masiku ano mumayamba kalata ndi pempho, moni n'kubwera pa mapeto ngati watsala. Koma usanakonze makinawo, dikira pang'ono. Ndili ndi kantchito kena kofuna iwowo monga alili lero, asanachire.

Analowa m'nyumba, natuluka ndi buku lachikuto cholimba, lomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga.

AGOGO: Umu muli maina a onse amene anandikongola chiyambire kupuma ntchito: wa thumba la chimanga, wa ndalama ya chigayo, wa nkhuku ya mlendo, ndi mkamwini wina amene dzina lake sindilitchula chifukwa ndi atate ako. Pansi pa tsamba lililonse ndinawonkhetsa, ndipo pa mapeto a chaka chilichonse ndinawonkhetsanso, mwadongosolo, monga a ku Zomba. Ulimeze lathunthu, mkazi wanga, usasankhe kanthu, ndipo zaka zili pamitu ya masambazo uzisiye zilowe nazo. Kenaka usindikize yankho lake papepala loyera, ndikaliwerenge pabwalo Loweruka, pakuti anthu a m'mudzi muno amatsutsa nkhalamba, koma kompyuta saitsutsa.

MDZUKULU: Ndamva, Agogo. Koma ndikuona kuti kumapeto kwa bukuli, mukalitembenuza, kuli masamba ena a mutu wakuti ngongole zanga: kugolosale, kwa wosoka nsapato, kwa agogo aakazi, ndi ku thumba la kumanga tchalitchi. Popeza mwati lathunthu, amenewanso alowa, ndipo nawonso achuluka katatu.

AGOGO: Amenewo ayi. Tawayang'anitsitsa bwino: pepala lake ndi lakale, inki yake inafufuma ndi chinyezi, ndipo wanena wekha ndi pakamwa pako kuti zotere makina saziwerenga. Bweretsa kuno bukulo, ndi thobwalo ngati sukumwa.